Malo amene sanazime pa chithunzi: lipoti la wodwala khansa ya m'mapapo pa chithandizo cha radiotherapy

Ndikulemba lipotili kwa anzanga ogwira ntchito yothandiza odwala khansa, makamaka amene amakonza ndi kupereka chithandizo cha radiotherapy, chimene odwala ambiri amangochitchula kuti kuwotcha. Bambo amene ndikufotokoza pano ndinawathandiza pamene ndinkagwira ntchito pachipatala china cha boma ku South Africa, ndipo ndinatsatira matenda awo kwa miyezi 22 kuchokera tsiku limene anafika kwa ife. Banja lawo linavomera kuti nkhaniyi ilembedwe popanda kutchula mayina. Chimene chandichititsa kuilemba ndi funso limene linatigawa pamsonkhano wa madokotala, lakuti chithunzi chojambulidwa chithandizo chili mkati chikatiuza kuti mbali ina ya chotupa sikugonja, uthengawo tichite nawo chiyani.

Bambowa anali ndi zaka 63, anabadwira ku Malawi, ndipo anakhala m'chigawo cha Gauteng zaka zoposa 25 akugwira ntchito yopenta nyumba. Anayamba kusuta fodya ali mnyamata, ndipo kwa zaka zambiri ankamaliza paketi imodzi patsiku. Zaka 11 m'mbuyomo anadwala chifuwa chachikulu cha TB, anamwa mankhwala miyezi 6 n'kuchira. Analibe kachilombo ka HIV, analibenso matenda a shuga. Chizindikiro choyamba chinali kutsokomola kosatha, kenako m'makhololo munayamba kuoneka timizere ta magazi, ndipo pofika kwa ife anali ataboola mabowo awiri atsopano pa lamba wa thalauza, sikelo ikuonetsa kuti atsika ndi makilogalamu 7. Kukiliniki ya kudera lawo anawapima makhololo kawiri pa makina a GeneXpert osapeza TB, koma chifukwa X-ray inaonetsa chimthunzi kumtunda kwa phapo la kumanja, malo amene TB imakonda, anawayambitsa mankhwala a TB. Chigamulo chimenecho sichindidabwitsa, pakuti kumene TB ili yochuluka, munthu wowonda ndi wotsokomola magazi kawirikawiri amakhaladi wa TB. Chimene chinawononga nthawi ndi kudikira masabata 10 osajambulanso, munthu akungofookerafookera.

CT yathu, makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane kuposa X-ray, inaonetsa kuti gawo lapamwamba la phapo la kumanja linali litaphwa lonse, chifukwa njira ya mpweya yolowera kumeneko inali yotsekeka pafupi ndi pamene imapatukira. Chimthunzi chonse chinali chotalika masentimita 8.4, koma panalibe malire ooneka pakati pa chotupa ndi mnofu wa phapo lophwalo, popeza pa CT zonse ziwiri zimatuwa mofanana. Anabele a pakati pa chifuwa anali otupa kumanja kwa kholingo ndi pansi pa mphanda yake, ndipo kumanzere kunali mwanabele mmodzi wokayikitsa. Kanyama kamene tinatapa pa bronchoscopy, polowetsa kachubu ka kamera m'njira ya mpweya, kanatsimikiza squamous cell carcinoma, khansa ya m'gulu la non-small cell, gulu limene muli odwala khansa ya m'mapapo pafupifupi 85 mwa 100 alionse. Ubongo unajambulidwa ndipo munalibe kanthu. Madokotala a TB ataona kuti makhololo amene anatumizidwa ku labotale pachiyambi penipeni sanamere kachilombo, anaimitsa mankhwala aja. Izi zinatithandiza, chifukwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, imafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena a khansa, kuphatikizapo paclitaxel amene tinkafuna kupereka.

Kenako tinajambula PET-CT. Kwa amene sanagwirepo ntchito ndi makinawa, wodwala amasala kudya maola 6, amapimidwa shuga wa m'magazi, ndipo amabayidwa FDG, mtundu wa shuga womangiriridwa ku fluorine-18, amene mphamvu yake imatha ndi theka pa mphindi pafupifupi 110 zilizonse. Amagona phee kwa ola limodzi asanalowe m'makina. Maselo amene akudya shuga wambiri amawala, ndipo kuwalako timakuyeza ndi nambala yotchedwa SUV. Makinawa sazindikira khansa, amangoona kumene shuga wapita. Maselo a chitetezo amene akulimbana ndi TB, kapena amene akutsuka malo opsa ndi cheza cha radiotherapy, nawonso amadya shuga kwambiri. Nkhani yonse ya bambowa yazungulira pa mfundo imeneyi.

Chithunzicho chinapatula zimene CT inasakaniza. Mkati mwa phapo lophwa lija munali chotupa cha masentimita 5.3, cha SUV yapamwamba ya 16.2, ndipo mnofu wotsalawo sunali kuwala. Anabele awiri a kumanja ndi a pansi pa mphanda ankawala ndi SUV ya 9 ndi ya 7. Wakumanzere uja ankawala pang'ono, ndi SUV ya 4.8, ndipo kumtunda kwa phapo la kumanzere kunali chipsera chakale cha TB chowala mwachizimezime. Malinga ndi kagawidwe ka TNM ka chisanu ndi chitatu, kamene timayezera kukula ndi kufalikira kwa khansa, chotupa cha pakati pa masentimita 5 ndi 7 ndi T3. Ngati mwanabele wakumanzere anali wa khansa, matendawa anali pa siteji IIIC. Ngati sanali, anali pa IIIB.

Kusiyana kumeneku kunali ndi zotsatira zenizeni pa pulani. Katswiri wathu wa fizikisi anakonza mapulani awiri oyesera. Pulani yophatikiza mbali ya kumanzere inkapereka 20 Gy (Gy ndi muyeso wa mlingo wa cheza) kapena kuposa ku 39 peresenti ya mapapo onse, pamene malire athu anali 35, ndipo munthu wosuta zaka zoposa 40 alibe mapapo apadera oti angataye. Pulani yosiya kumanzere inali pa 31 peresenti. Ena anati tiwotche chilichonse chowala kuti tisadzadandaule pambuyo pake. Ine ndinaumirira kuti titape kaye kanyama pogwiritsa ntchito EBUS, kachubu kolowa m'njira ya mpweya kokhala ndi sikani yoonera anabele, ngakhale kuti zinachedwetsa chithandizo ndi masiku 9, ndipo masiku amenewo ndinawamva kulemera kwake chifukwa bambowa anali atataya kale miyezi iwiri. Anabele a kumanja ndi a pansi pa mphanda anapezeka ndi khansa. Wakumanzere anali ndi zipsera za kutupa kwakale ndi timadontho takuda ta utsi, popanda selo la khansa ngakhale limodzi, ndipo kachilombo ka TB sikanamere. Tinasiya mbali ya kumanzere kunja kwa pulani.

Pa chithunzi choyambacho panali chinthu china chimene chinandidetsa nkhawa kuposa kukula kwa chotupa. Pakati pake panali malo akuda osawala konse, mnofu wakufa, ndipo kuwala kwakukulu kunali kozungulira malowo ngati mkombero, makamaka chakumbuyo ndi chakumtunda. Mu 1955, Thomlinson ndi Gray, Gray yemweyo amene dzina lake tikulitchula nthawi zonse tikamati Gy, anapima zotupa za khansa ya m'mapapo pa maikulosikopu ndipo anaona kuti mnofu umafa ukatalikirana ndi mitsempha ya magazi ndi mtunda wochepera gawo limodzi mwa magawo 5 a milimita. M'malire mwa mnofu wamoyo ndi wakufa mumakhala maselo opuma movutikira, amene akadali moyo koma akusowa okosijeni, ndipo maselo otere amafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti afe mofanana ndi anzawo. FDG siyeza okosijeni, choncho sindinganene kuti ndinawaona maselowo. Koma kafukufuku wa ku Maastricht, ku Netherlands, anaonetsa kuti malo amene amatsala akuwala kuwotcha kutatha amakhala kawirikawiri omwewo amene ankawala kwambiri pachiyambi. Ndinalemba m'faelo kuti mkombero wakumbuyowo tiziuyang'anitsitsa.

Tinagwirizana zopereka 60 Gy m'magawo 30, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata 6, pamodzi ndi carboplatin ndi paclitaxel padiripi kamodzi pa sabata. Bambowa anavomeranso kulowa m'gulu laling'ono la odwala amene dipatimenti yathu inkawajambula PET-CT yachiwiri akafika pa 40 Gy. Ndinene momveka kuti kujambula kwa pakati kumeneku si mbali ya chithandizo chokhazikika, ndipo tinawafotokozera motero asanasaine. Mnzathu wina wachinyamata anafunanso kuyesa radiomics, njira imene kompyuta imawerenga maonekedwe a mkati mwa chotupa amene diso silingawaone, potsatira ntchito ya Aerts ndi anzake ya mu 2014, imene inayeza zizindikiro 440 pa zithunzi za odwala 1,019. Nambala imene anapeza inaika bambowa m'gulu la amene zinthu sizikawayendera bwino. Sitinaigwiritse ntchito pa chigamulo chilichonse, chifukwa nambalayo inasintha kwambiri malinga ndi mmene munthu wajambulira malire a chotupa pakati pa phapo lophwa, komanso inkangobwereza zimene kukula kwa chotupacho kunali kutatiuza kale.

Pa tsiku la 13 la kuwotcha, mayi wina wodziwa ntchito amene ankayendetsa makina anaimitsa chithandizo wodwala ali kale pabedi, n'kundiitana. Pa cone-beam CT, imene timajambula wodwala atagona kuti tione ngati ali pamalo oyenera, mafupa a msana anagwirizana bwinobwino ndi pulani, koma phapo silinagwirizane. Gawo lophwa lija linali litadzazanso mpweya. Chimthunzi cha masentimita 8.4 chinali chitatsala 4.9. Munthu wowerenga mwachangu ndi malamulo a RECIST 1.1, amene amati chotupa chikachepa ndi 30 peresenti ndiye kuti chamva chithandizo, akanalemba kuti chachepa ndi 42 peresenti, ndipo m'chipinda chowongolera makina ena anayamba kale kuyamikirana. Koma chotupa chenicheni, malinga ndi PET, chinali 5.3 pachiyambi. Chinali chitangochepa ndi mamilimita 4, okwanira kutsegula kanjira koti mpweya udutse. Chimene chinazimirira pa chithunzi chinali phapo lophwa, chotupa chili pomwepo.

Choopsa chinali china. Gawo lapamwamba likaphwa limakokera tsinde la phapo m'mwamba, ndipo likadzazanso mpweya tsindelo limabwerera pansi. Chotupa chinatsika ndi mamilimita 12, moti m'mphepete mwake mwa m'munsi munali mutatuluka m'dera lolandira mlingo wonse, pamene phapo labwino lotsegukalo linalowa m'malo amene cheza chinali champhamvu. Mayi aja akanangoyang'ana mafupa okha, tikanatha masiku 17 otsalawo tikuphonya mbali ya chotupa ndi kuwotcha phapo lamoyo, kenako tikanadzalemba kuti khansayi inali yosamva cheza. Tinajambula CT yatsopano tsiku lomwelo, pulani yatsopano inatha pa masiku awiri, ndipo tsiku limodzi lotayikalo tinalibweza Loweruka. Bambowa anali osangalala chifukwa anakwera masitepe a ku dipatimenti osaima panjira. Anandifunsa kuti, "Adokotala, mpweya wabwerera. Ndiye kuti chija chasungunuka?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, njira yatseguka, ndipo zimenezo ndi zabwino, koma chotupacho chikadalipo. Tipitirize."

PET-CT yachiwiri tinaijambula pa tsiku la 20. Tinaonetsetsa kuti makina ndi omwewo, nthawi yodikira pambuyo pa jakisoni ndi yofanana, shuga wa m'magazi sakusiyana kwambiri ndi woyamba, komanso kuti wodwala wagona mmene amagonera powotchedwa, manja ali m'mwamba. Popanda zimenezi, nambala ziwiri za SUV sizingayerekezedwe, chifukwa kungochedwa kujambula ndi theka la ola kumakweza nambala ya chotupa. Anabele onse awiri anali atazima, moti sankasiyananso ndi magazi a mumtsempha waukulu. Kummero kunkawala mzere wowongoka kutsatira pamene cheza chinkadutsa, ndipo bambowa anali atayamba kale kumva kuwawa pomeza nsima, akudya phala lokha. Chotupa chinatsika kuchoka pa 16.2 kufika pa 9.6, ndipo gawo lowala linachepa kuchoka pa mamililita 64 kufika pa 19. Pa nambala zokha, uku kunali kumva chithandizo, popeza njira ya PERCIST yoweruzira zithunzi za PET, ngakhale imayeza mosiyana pang'ono, imaikanso malire ake pa 30 peresenti. Koma mamililita 19 otsalawo sanali omwazikana. Onse anali paja pa mkombero wakumbuyo, atatsamira mtsempha waukulu wa magazi wopita ku phapo, ndipo malo akufa aja anali atayamba kusanduka mphako.

Pamsonkhano wa sabata imeneyo tinakangana kwa nthawi yaitali, ndipo mbali zonse zinali ndi umboni weniweni. Ofuna kuwonjezera mlingo anatchula ntchito ya Feng-Ming Kong, imene inayambira ku University of Michigan. Mu 2017 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 42 amene mlingo wawo unakwezedwa, ena mpaka 86 Gy, pa malo okhawo otsala akuwala pakati pa chithandizo, ndipo patatha zaka ziwiri, 82 peresenti analibe khansa yobwerera m'dera lowotchedwalo. Iwo anati palibe chifukwa chojambulira munthu ngati sitichitapo kanthu pa zimene taona. Okana anatchula kafukufuku wa RTOG 0617, wa mu 2015, amene anapeza kuti olandira 74 Gy anakhala ndi moyo miyezi 20.3 pa muyeso wapakati, pamene olandira 60 Gy anakhala miyezi 28.7. Anakumbutsanso kuti njira ya Kong itayesedwa poyerekeza magulu awiri mu kafukufuku wa RTOG 1106, sinaonetse kuti imachepetsa kubwerera kwa khansa m'chifuwa kuposa mlingo wanthawi zonse.

Kwa ine chimene chinagamula ndi malo ake. Mphako ya squamous cell carcinoma yotsamira mtsempha waukulu, mwa munthu amene anabwera akutsokomola magazi, ndi malo amene mlingo waukulu ungathe kuboola, ndipo magazi otuluka pamenepo sapereka mpata wofika ku fiyeta. Tinagwirizana kuwonjezera magawo atatu okha pa malo otsalawo, kufika 66 Gy m'magawo 33, mlingo umene ukadali mkati mwa zovomerezeka, koma sitinachepetse dera la 60 Gy ngakhale kuti mbali zina zinali zitazima. Kuzima pa 40 Gy kumatanthauza kuti maselo achepa kapena afooka. Sikutanthauza kuti atha. Ndimakhulupirirabe kuti chigamulocho chinali cholondola, ngakhale ndikudziwa kuti 6 Gy yowonjezerayo mwina inali yochepa kuti isinthe kanthu.

Pamene ndinalakwa ndi pa zimene ndinawauza bambowa. Ndinali nditalemba m'faelo kuti mwayi woti khansa idzabwerere pamalo amenewo ndi waukulu, koma kwa eniake ndinangoti chotupa chikuchepa ndipo tawonjezera masiku atatu. Sindinaname, komabe ndinasankha mbali yokoma ya choonadi. Ndinadziuza kuti munthu amene akuvutika kumeza ndipo watsala ndi masabata awiri ndi theka sayenera kufooketsedwa. Chifukwa china, chimene ndinachivomera mochedwa, n'chakuti tinkalankhulana m'Chichewa, iwo akunditcha mwana wawo, ndipo mawu olemera amavuta kutuluka m'chinenero chimene munthu unaleredwa nacho kusiyana ndi m'Chingerezi cha m'faelo. Chithandizo chinatha popanda kudumphanso tsiku. Durvalumab, mankhwala othandiza chitetezo cha thupi kulimbana ndi khansa, amene mu kafukufuku wa PACIFIC anakweza chiwerengero cha okhala ndi moyo zaka 5 kufika pa 42.9 peresenti poyerekeza ndi 33.4 mwa amene sanawalandire, sankapezeka kwa odwala athu opanda inshuwalansi, choncho chimene chinatsala chinali kuwatsatira.

Patatha masabata 9 anabwera ndi chifuwa chouma, phuma ndi kutentha thupi. CT inaonetsa chifunga m'phapo la kumanja chokhala ndi malire owongoka ngati ojambula ndi rula, osatsatira magawo achibadwa a phapo koma kutsatira mizere ya pulani yathu yachiwiri. Kumeneku kunali kutupa kwa phapo kobwera ndi cheza. Tinapima makhololo, TB sinapezeke, ndipo tinawapatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, 40 mg patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata 7. Anapeza bwino m'sabata yoyamba. Nthawi zambiri ndimaganiza mmene zikanakhalira tikanasankha pulani ya 39 peresenti ija.

Chifukwa cha kutupako, PET-CT yotsatira tinaichedwetsa mpaka mwezi wachinayi. Dera lonse lowotchedwa linkawala mofatsa ndi mofanana, monga zimakhalira phapo likamapola, koma pamkombero paja panali kadontho kowala kuposa pozungulira pake, ka SUV ya 5.1. Kale mu 2003, Mac Manus ndi anzake ku Peter MacCallum Cancer Centre ku Melbourne, pa odwala 73, anaonetsa kuti zimene PET ikuonetsa kuwotcha kutatha zimalosera moyo wa wodwala bwino kuposa zimene CT ikuonetsa, ndipo amene chotupa chawo chinazimiratu ndi amene anakhala nthawi yaitali. Kutapa kanyama pamalo amenewo kunali koopsa chifukwa cha mtsempha uja. Ulendo uno mwana wawo wamkazi anabwera nawo, ndipo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adokotala, tiuzeni zoona kuti tidziwe pokonzekera." Ndinaika zithunzi zitatu pakompyuta moyandikana, n'kuwalozera malo amodzimodziwo pa chilichonse. Ndinawauza kuti kadonthoko kangakhale kutupa chabe, koma kuti m'maganizo mwanga khansa idzabwerera pamenepo, ndiponso kuti ndinaziona kale chithandizo chili mkati koma sindinawauze. Bambowa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, penti ikamatuka kawiri pamalo amodzi, ndiye kuti khomalo lili ndi chinyezi mkati. Ndamva." Mwezi womwewo anapita kumudzi kwa masabata 5, anafolera nyumba imene inaima zaka zingapo yopanda malata, ndipo anaitana abale n'kukonza za minda.

Tinasintha katsatidwe kawo, kuti azijambulidwa CT miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Pa mwezi wachisanu ndi chitatu anayambanso kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, ndipo chithunzi chinaonetsa chinthu chatsopano cha masentimita awiri kumtunda kwa phapo la kumanzere, chowala ndi SUV ya 8. Lipoti la ojambula linati khansa yafalikira, ndipo pafupifupi tonse tinavomereza, chifukwa tinali tikuyembekezera nkhani yoipa. Kulosera kuli ndi vuto limeneli, kuti ukayembekezera chinthu umayamba kuchiona paliponse. Chimene chinandiimitsa ndi chakuti chinthucho chinamera pa chipsera chakale chija, ndipo chinali ndi timadontho ting'onoting'ono tozungulira totsatira tinjira ta mpweya. Madzi otsukira phapo pa bronchoscopy anapezeka ndi TB pa GeneXpert, yomva rifampicin. Munthu amene anamwa mankhwala a TB alibe TB, tsopano anatsala pang'ono kulandira mankhwala a khansa ali ndi TB. Prednisolone ndi mankhwala a khansa ziyenera kuti zinathandiza kudzutsa matendawa, ndipo ine sindinakambirane ndi madokotala a TB za mankhwala oteteza pamene ndinkalemba prednisolone kwa munthu wa chipsera chowala. Anayamba mankhwala a miyezi 6, ndipo patatha miyezi iwiri chinthu chija chinali chitachepa ndi theka.

Khansa inabwerera pa mwezi wa 13. CT inaonetsa kuti chipsera cha dera lowotchedwa, chimene chinkafota pa zithunzi zitatu zotsatizana, chatupa mbali imodzi, ndipo PET inapereka SUV ya 12.4. Ulendo uno chotupa chinali chitafika m'njira ya mpweya, moti kanyama kanatapidwa mosavuta ndipo kanatsimikiza squamous cell carcinoma. Katswiri wa fizikisi anasanjikiza chithunzichi pa chija cha tsiku la 20, ndipo pakati pa chotupa chatsopanocho panagwera mkati mwa mamililita 19 aja, m'dera lolandira 66 Gy. Anabele amene anazima msanga sanawalenso mpaka mapeto, ndipo mwanabele wakumanzere amene tinamusiya sanasinthe. Chithunzi cha pakati chinalosera molondola pa malo onse atatu a khansa, koma za TB ndi za kutupa kwa phapo sichinanene kalikonse.

Kwa anzanga amene akugwira ntchito kumene kulibe PET, ndipo ambiri a ife tili kumeneko, ndikufuna kunena kuti zinthu zimene zinasinthadi chithandizo cha bambowa sizinadalire kujambula kwa pakati kokwera mtengo kuja. Kanyama ka mwanabele kanapulumutsa phapo la kumanzere. Diso la woyendetsa makina pa cone-beam CT linateteza kuti tisaphonye chotupa, ndipo kuyambira pamenepo wodwala aliyense woyamba kuwotcha ali ndi phapo lophwa tinkamuika chizindikiro pa faelo, kuti zithunzi zake ziziyerekezedwa pa mphanda ya kholingo ndi pa chotupa, osati pa mafupa okha. CT ya nthawi zonse yobayira mankhwala owalitsa mitsempha imatha kuonetsa mnofu wakufa ndi mphako, ndipo imathandiza kusiyanitsa chotupa ndi phapo lophwa. Chinthu chatsopano chilichonse m'phapo la munthu wa kwathu kuno chiyenera kupimidwa TB chisanatchedwe khansa yofalikira. PET yapakati inatipatsa chinthu chimodzi chimene njira zinazi sizikanatipatsa, kudziwa msanga malo amene tidzagonjere, ndipo phindu lake lalikulu linaoneka pa tsiku limene ndinauza eniake, miyezi inayi mochedwa.

Kuwotchanso malo omwewo kunali kosatheka chifukwa cha mtsempha ndi njira yaikulu ya mpweya, ndipo madokotala a opaleshoni anapeza kuti mapapo awo sangapirire kuchotsedwa kwa phapo lonse la kumanja. Tinadikira kuti amalize mankhwala a TB, kenako analandira docetaxel, mtundu wina wa mankhwala a khansa, kawiri. Anafooka nayo kwambiri, ndipo atabwera ulendo wachitatu anati akufuna kupita kwawo miyendo ikadali ndi mphamvu yokwera basi. Tinawapatsa morphine wokwanira ulendo ndi masabata oyamba, kalata yofotokoza zonse yopita kwa osamalira odwala matenda osachiritsika kuchipatala cha kufupi ndi kwawo, ndi zithunzi zawo pa disiki. Ndinafotokozera mwana wawo zoyenera kuchita magazi akadzatuluka ambiri, kuphatikizapo kugoneka bambo ake cha kumanja ndi kukhala ndi matawulo a mtundu wakuda pafupi. Magaziwo sanatuluke. Anamwalira ali m'tulo patatha miyezi 19 kuchokera pamene kuwotcha kunatha, m'nyumba ija anafolera, ndipo mwana wawo ananditumizira uthenga patatha masiku atatu maliro ataikidwa.